Mbiri yabwino ya Senegal idagulidwa ndi magazi a achinyamata

Dziko la Senegal lidachita malire ndi maiko asanu: Mauritania, Mali, Guinea, Guinea-Bissau ndi Gambia. M'maiko onse asanuwa asilikali adalandako boma, ndipo kwina adachita kubwereza. Ku Mali kokha zidachitika mu 1968, 1991, 2012, 2020 ndi 2021. Koma ku Dakar, likulu la Senegal, chilandirireni ufulu wodzilamulira kwa Afalansa mu 1960, palibe msilikali amene adalawirirapo ku nyumba ya wailesi kukalengeza kuti boma lili m'manja mwake. Katatu konse, mu 2000, 2012 ndi 2024, chipani cholamula chidagwa pachisankho n'kutuluka m'boma. Izi zachitika m'dziko loti anthu oposa 90 pa 100 alionse ndi Asilamu. Aja amakonda kunena kuti Chisilamu ndi demokalase sizimwerana madzi, ayambe atifotokozera za Senegal.

Mbiri imeneyi ndi yoona ndipo ine ndimaipatsa ulemu. Chimene chimandiwawa ndi kakambidwe kake. Anthu amaikamba ngati kuti dzikoli lidangochita mwayi wa atsogoleri ofatsa, odziwa kutsika pampando nthawi ikakwana. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwa apulezidenti anayi oyamba a Senegal, aliyense adatsekerapo m'ndende munthu amene ankamusowetsa tulo pandale. Awiri omaliza mwa anayiwo adayesa kupinda malamulo kuti akhalitse pampando, ndipo amene adawabweza ndi anthu wamba oima m'misewu. Ochuluka ndithu mwa anthu amenewo, makamaka achinyamata, lero ali m'manda ndipo owapha akuyenda mfulu.

Pulezidenti woyamba, Léopold Sédar Senghor, adali Mkatolika wa mtundu wa Serer, wobadwira ku Joal, mlakatuli wodziwika mpaka ku France. Mkatolika kulamulira dziko la Asilamu zaka 20, zidatheka bwanji? Ife a ku Malawi funsoli silitidzidzimutsa kwenikweni, poti nafenso Bakili Muluzi, Msilamu, adatilamulira zaka khumi m'dziko lochuluka Akhristu. Koma ku Senegal yankho lake lili ndi mizu yakuya. Chisilamu cha kumeneko chimayenda m'magulu aubale otsogozedwa ndi mashehe akuluakulu. Kuli a Tijaniyya a ku Tivaouane ndi ku Kaolack, kuli a Mouride a ku Touba amene adayambitsidwa ndi Cheikh Amadou Bamba, kuli a Layene, kulinso a Qadiriyya amene kwathu kuno timawadziwa. Munthu amadzipereka m'manja mwa shehe wake, ndipo kumudzi mawu a shehe ankalemera kuposa a wogwira ntchito m'boma wina aliyense. Chuma cha dziko nthawi imeneyo chidali mtedza, ndipo minda yambiri ya mtedza idali m'manja mwa mashehe ndi otsatira awo. Senghor adazindikira msanga kuti wagwira mashehe wagwira mavoti akumudzi. Adapalana ubwenzi ndi Serigne Fallou Mbacké, mtsogoleri wa a Mouride. Boma linkapereka malo, ngongole ndi ulemu, mashehe n'kumabweza mavoti ndi bata.

Mgwirizano umenewu ndiwo udathandiza kugwetsa Mamadou Dia. Iyeyu adali nduna yaikulu, bwenzi la Senghor la ponda apa nane m'pondepo, Msilamu wopemphera. Ankafuna kuti mlimi wa mtedza amasuke m'manja mwa makampani a Afalansa ndi ogula apakati, azigulitsa mbewu zake kudzera m'makopaletivi. Maganizo amenewa adaopseza amalonda, adaopsezanso mashehe amene ankapindula ndi kagulitsidwe kakale. Mu Disembala 1962 aphungu adakonza zomuchotsa paudindo. Apa Dia adalakwitsa, adatumiza apolisi kukatulutsa aphunguwo m'Nyumba ya Malamulo. Iwo adakasonkhana kunyumba kwa sipikala, Lamine Guèye, n'kuvota komweko. Asilikali adaima ndi Senghor ndipo Dia adamangidwa. Khoti lidagamula kuti akhale m'ndende moyo wake wonse pamlandu wofuna kulanda boma. Adakamutaya ku Kédougou, kutali kummwera chakummawa, ndipo adatuluka mu 1974 maso atawonongeka. Taonani apa: mashehe akuluakulu adasankha Mkatolika, kusiya Msilamu mnzawo. Nkhani idali ya mtedza ndi mphamvu, za kumene munthu amapemphera zidabwera pambuyo.

Kuchokera pamenepo Senghor adalamula yekha. Pofika 1966 zipani zina zonse zidali zitamezedwa kapena kuletsedwa. Mu Meyi 1968 ophunzira a payunivesite ya Dakar atanyanyala, boma lidawathamangitsa ndi zida. Mu 1973 Omar Blondin Diop, mnyamata wa zaka 26 wotsutsa boma, adafera m'ndende pachilumba cha Gorée. Boma lidati adadzimangirira, abale ake sadavomerepo zimenezo. Mlakatuli uja adalinso ndi dzanja lolemera.

Pomuyamikira palipo, ndipo sindibisa. Adalola Abdoulaye Wade kuyambitsa chipani chotsutsa cha PDS mu 1974, nthawi imene ku Malawi ndi ku Zambia ulamuliro wa chipani chimodzi udali wolembedwa m'malamulo. Pa 31 Disembala 1980 adatula pansi udindo mwa kufuna kwake, chinthu chosowa kwambiri mu Africa wa masiku amenewo. Komabe adatsegula khomo pang'ono chabe. Lamulo la 1976 lidalola zipani zitatu zokha, chilichonse n'kupatsidwa mfundo zoti chizitsata. Chaka chomwecho adasinthanso malamulo kuti pulezidenti akachoka, nduna yaikulu imalize nthawi yake popanda chisankho. Abdou Diouf adalowa m'nyumba ya boma pa 1 Januwale 1981 palibe atamuvotera paudindowo.

Diouf adachotsa malire pa chiwerengero cha zipani, koma kayendetsedwe ka chisankho kadakhalabe m'manja mwa chipani chake. Kuvota mwachinsinsi sikudali kokakamiza, choncho kumudzi munthu ankaponya voti shehe ndi mfumu akuonerera. Mu 1988 mtsogoleri wa a Mouride, Serigne Abdoul Ahad Mbacké, adalamula otsatira ake onse kuvotera Diouf. Lamulo la shehe lotere kumeneko amalitcha ndigël. Zotsatira zitatuluka, Dakar adayaka. Boma lidalengeza kuti dziko lili pangozi, Wade adamangidwa, ndipo chaka chonse cha sukulu chidapita pachabe. Ambiri amachiwerenga chaka chimenechi ngati chamanyazi. Ine ndimachiona ngati chaka chimene demokalase ya Senegal idayamba kumera mano. Moto wa 1988 ndiwo udakakamiza boma kukhala pansi ndi otsutsa, ndipo lamulo lachisankho la 1992 lidakhazikitsa kuvota mwachinsinsi n'kutsitsa zaka zovotera kufika pa 18. Mashehe akuluakulu nawo adaona kuti kulamula anthu povota kukuwachotsera ulemu, ndipo ndigël idayamba kutha mphamvu.

Za 2000 zimakambidwa ngati nkhani ya ulemu wa Diouf, amene adaimbira foni Wade kumuyamikira. Ulemu umenewo ndi wake ndithu. Koma tisaiwale zimene zidamufikitsa pafoniyo. Mu Januwale 1994 ndalama ya CFA idachepetsedwa mphamvu ndi theka, mitengo ya zinthu n'kukwera koopsa. Achinyamata osowa ntchito adadzaza misonkhano ya Wade akufuula Sopi, mawu a chilankhulo cha Wolof otanthauza kusintha. Ndipo tsiku la chisankho chachibwereza, pa 19 Malichi, atolankhani a mawailesi oima paokha ngati Sud FM ndi Walf FM adamwazikana m'malo ovotera ndi mafoni a m'manja, akuwerenga zotsatira pawailesi malo ndi malo. Kusanache, banja lililonse lidali likudziwa kuti Wade wapambana. Wofuna kubera akadabera pati? Wade adapeza mavoti 58 pa 100 alionse, atayesa kanayi m'mbuyomo osaphula kanthu, ndipo zaka 40 za chipani cha Senghor zidathera pamenepo.

Pali chigawo china chimene okamba za mtendere wa Senegal amachidumpha. Ku Casamance, kummwera kwa Gambia, anthu ofuna kudzipatula adayamba kulimbana ndi boma mu Disembala 1982, ndipo nkhondo yapansipansi imeneyo yatenga zaka makumi anayi, yapha anthu zikwi ndi kusiya mabomba okwiriridwa m'minda. Misewu ya kumeneko itakhala yoopsa, anthu ankadalira sitima yapamadzi ya Le Joola popita ku Dakar. Pa 26 Seputembala 2002 sitimayo, itanyamula anthu ochuluka kangapo kuposa mlingo wake, idagubuduzika kufupi ndi gombe la Gambia. Anthu oposa 1,800 adamira. Boma lidatseka nkhaniyo pokankhira mlandu kwa woyendetsa sitimayo, amene adafera momwemo.

Wade, munthu amene adalawa ndende chifukwa chofuna kusintha, ndiye adandikhumudwitsa koposa. Malamulo atsopano a 2001 adaika malire a materemu awiri, ndipo iye mwini adanena poyera mu 2007 kuti sangaimenso. Kenaka adabweza mawu. Nduna yake yaikulu yakale, Idrissa Seck, imene anthu ankaiona ngati mlowam'malo, idakhala m'ndende kuyambira 2005 mpaka 2006. Mwana wake, Karim Wade, adapatsidwa maunduna angapo akuluakulu nthawi imodzi mpaka anthu adamutcha nduna ya kumwamba ndi dziko lapansi. Magetsi akuzimazima m'makomo, boma lidamanga chifanizo chachikulu chamkuwa paphiri ku Dakar, ntchito yake n'kuipereka kwa kampani ya ku North Korea. Ndi kuzima kwa magetsi komweko kumene kudabala gulu la Y'en a marre mu Januwale 2011, loyambitsidwa ndi oimba achinyamata ndi atolankhani, lomwe lidayenda khomo ndi khomo kulimbikitsa anzawo kulembetsa m'kaundula wa ovota.

Pa 23 Juni 2011 Wade adabweretsa bilu yoti munthu azipambana upulezidenti ndi mavoti 25 okha pa 100 alionse, komanso azisankhidwira limodzi ndi wachiwiri wake. Aliyense adadziwa kuti mpando wachiwiriwo akukonzera ndani. Khamu lidazinga Nyumba ya Malamulo, miyala ndi utsi wokhetsa misozi zili kusinthana, ndipo dzuwa lisanalowe biluyo idachotsedwa. Koma pa nkhani ya teremu yachitatu, khoti loona za malamulo oyendetsera dziko, Conseil constitutionnel, lidaima ndi Wade. Mu Januwale 2012 oweruza ake asanu, onse osankhidwa ndi pulezidenti, adamulola kuima ali ndi zaka 85. Anthu adafa pa zionetsero zotsatira, mmodzi mwa iwo wophunzira wa payunivesite, Mamadou Diop, amene adagundidwa ndi galimoto ya apolisi. Chimene khoti lidakana kuchita adachichita ndi ovota. Pa 25 Malichi 2012 Macky Sall adapambana ndi mavoti pafupifupi 66 pa 100 alionse.

Sall adadziwa bwino kuwawa kwa kuponderezedwa. Adachotsedwa pa usipikala mu 2008 atayerekeza kuitanitsa Karim Wade kuti adzafotokoze za ndalama za boma. Atalowa m'boma adamanga zinthu zooneka: sitima yapamtunda yatsopano ya ku Dakar, mzinda watsopano wa Diamniadio, misewu ikuluikulu. Koma pandale adakonza njira yakale ija n'kuipanga yosalala. Karim Wade adagamulidwa zaka zisanu ndi chimodzi mu 2015 pamlandu wodzilemeretsa mosadziwika bwino, kenaka adakhululukidwa n'kupita ku Qatar. Khalifa Sall, meya wa Dakar, adamangidwa mu 2017 n'kugamulidwa zaka zisanu. Sindikunena kuti awiriwa adali oyera ngati angelo. Ndikunena kuti onse awiri adali anthu oti akadapikisana ndi Macky Sall mu 2019, onse awiri adaletsedwa kuima, ndipo Khalifa Sall adakhululukidwa miyezi ingapo chisankho chitadutsa. Anthu si ana, amaona.

Kuipa kwa khalidwe lotere kudaonekera poyera pamlandu wa Ousmane Sonko. Iyeyu adali wogwira ntchito yotolera misonkho, adachotsedwa ntchito mu 2016 ataulula zachinyengo, ndipo pachisankho cha 2019 adakhala wachitatu. Mu Febuluwale 2021 mayi wina wachitsikana adamudandaulira kuti adamugwiririra. Dandaulo lotere liyenera kumvedwa mwachilungamo, wodandaulayo n'kutetezedwa, kaya woimbidwa mlanduyo ndi wotchuka bwanji. Koma boma lidali litagwiritsa kale ntchito makhoti kawiri pochotsa opikisana nawo, tsono ndani akadakhulupirira kuti ulendo uno ndi chilungamo chenicheni? Mtsikanayo adanyozedwa ndi kuopsezedwa, dziko lidayaka, ndipo choonadi chidatayika pakati. Mu Juni 2023 khoti lidapeza Sonko wosalakwa pa kugwiririra, koma lidamugamula zaka ziwiri pamlandu wina wosokoneza achinyamata. Boma likazolowera kusandutsa khoti chida chandale, oyamba kulangika ndi anthu ofooka amene akufunadi khotilo.

Kuyambira Malichi 2021 mpaka Febuluwale 2024, anthu oposa 60 adaphedwa pa zionetsero, malinga ndi mabungwe omenyera ufulu wa anthu monga Amnesty International, ambiri mwa iwo ndi zipolopolo. Makanema adaonetsa amuna ovala zovala wamba, mfuti m'manja, akuyenda pambali pa apolisi. Anthu mazanamazana adatsekeredwa, intaneti ya pafoni inkazimitsidwa, yunivesite ya Dakar idatsekedwa miyezi yambiri, ndipo chipani cha Sonko cha PASTEF chidathetsedwa mu Julayi 2023. Mwezi womwewo Sall adalengeza kuti saimanso. Ena adamuombera m'manja. Ine ndimafunsa kuti, ngati malamulo adali omveka kale, adadikiriranji zaka zonsezo osanena, ana a eni akufa?

Ndipo sadalekere pomwepo. Pa 3 Febuluwale 2024, kutangotsala maola ochepa kuti kampeni iyambe, adaimitsa chisankho chimene chidayenera kuchitika pa 25 mwezi womwewo. Patapita masiku awiri, apolisi adatulutsa aphungu otsutsa m'Nyumba ya Malamulo, otsalawo n'kuvota kuti chisankho chidzachitike pa 15 Disembala. Anthu adaphedwanso, mmodzi wophunzira wa payunivesite ya ku Saint-Louis. Pa 15 Febuluwale, Conseil constitutionnel idagamula kuti kuimitsa chisankhoko ndi kosemphana ndi malamulo. Sall atayesa tsiku lina la mu Juni, oweruzawo adakananso, nati chisankho chichitike nthawi ya Sall pampando isanathe pa 2 Epulo. Bassirou Diomaye Faye, mnzake wa Sonko m'chipani cha PASTEF yemwe adaima m'malo mwake pachisankhochi, amene adamangidwa mu Epulo 2023 chifukwa cha zimene adalemba pa Facebook zodzudzula oweruza, adatuluka m'ndende pa 14 Malichi. Patatha masiku khumi adapambana ndi mavoti 54 pa 100 alionse, osafunikanso chibwereza, ndipo adalumbira ali ndi zaka 44.

Amalawi tikamva izi timakumbukira oweruza athu asanu amene adafafaniza chisankho cha 2019 pa 3 Febuluwale 2020, ndipo n'zoona kuti nkhani ziwirizi n'zapachibale. Koma taganizani: khoti limene lidagonjera Wade mu 2012 ndi lomwelo lidakaniza Sall mu 2024, ndipo ulendo wonse uwiri oweruza adalowa paudindo ndi siginecha ya pulezidenti. Chidasintha n'chiyani? Ine ndikuona kuti mu 2024 oweruzawo adadziwa kuti kunja kuli mtundu wa anthu umene wakana kugona kwa zaka zitatu, mabungwe, ophunzira, maloya, mabishopu, onse maso ali pa iwo. Woweruza amalimba mtima mosavuta akadziwa kuti chigamulo chake chili ndi anthu ochiteteza. Kwathu kunonso chigamulo chija chidabwera anthu atayenda m'misewu miyezi yambiri.

Masiku ano pa Facebook ndi pa TikTok pali achinyamata ambiri, a kwathu konkuno, amene amatamanda asilikali olamula ku Burkina Faso, Mali ndi Niger, nati Africa ikufunika munthu wa yunifolomu woti athamangitse Afalansa. Mkwiyo wawo ndimaumva, poti zimene France idachita m'maiko amenewa n'zowawa. Koma ku Burkina Faso asilikali adadziwonjezera zaka zisanu mu 2024, ndipo ku Mali zipani zonse zandale zidathetsedwa mu 2025. Munthu wa ku Bamako, likulu la Mali, akatopa ndi mtsogoleri wake, amuchotsa bwanji? Pamene ku Senegal, boma losankhidwa ndi mavoti lidauza France kuti ichotse asilikali ake, ndipo mu Julayi 2025 misasa yomaliza idaperekedwa kwa eni dziko, popanda kuwomba mfuti, ovota akadali ndi mphamvu yochotsa Faye akadzawakhumudwitsa. Asilikali a Senegal, amene adakhala m'misasa yawo mu 1988, mu 2012 ndi mu 2024 mpata wolanda boma ulipo, adatumikira dziko lawo kuposa anzawo onse oyandikana nawo.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi lamulo limene lidatsegula ndende. Pa 6 Malichi 2024 aphungu adavomereza chikhululukiro cha milandu yonse yokhudza zionetsero kuyambira 2021. Lamulo limeneli ndilo lidatulutsa Faye ndi Sonko, koma lidaphimbanso aja adawombera ana a eni. Andale a mbali zonse adapindula, mabanja a ophedwa n'kutsala ndi zithunzi. Mu Epulo 2025 Conseil constitutionnel idanena kuti milandu ya kupha ndi kuzunza anthu singafafanizidwe ndi chikhululukiro, kutanthauza kuti njira yozengera milanduyi ndi yotsegula. Ngati boma latsopano, lomwe lidapeza mipando 130 mwa 165 m'Nyumba ya Malamulo mu Novembala 2024, silingaimike owombera aja ndi owatuma pamaso pa woweruza, ndiye kuti wapolisi aliyense waphunzira kuti kupha wochita zionetsero kulibe mlandu, bola andale adzagwirizane pambuyo pake.

Mayeso ena ndi a ndende ija. Mu Febuluwale 2025 bwalo lofufuza za chuma cha boma lidaulula kuti ngongole ya dziko kumapeto kwa 2023 idali pafupifupi yofanana ndi chuma chonse chimene dzikolo limapanga pachaka, pamene boma la Sall linkanena kuti ndi 74 pa 100 alionse. IMF idaimitsa thandizo lake, ndipo amene akulipira bodzali ndi achinyamata omwe aja, amene ambiri akukwerabe mabwato kulowera ku zilumba za Canary za dziko la Spain. Obisa ngongole ndi akuba ndalama za boma ayenera kuyankha, ndipo nduna zingapo zakale zidatengeredwa kale kukhoti mu 2025. Koma chaka chomwecho atolankhani ndi othirira ndemanga ena adamangidwa chifukwa cha mawu okha, ndi malamulo omwe aja adamangira Faye. Anthu amene adagona m'ndende chifukwa cha zolemba za pa Facebook akudziwa kuposa wina aliyense kuti malamulo amenewo ayenera kuchotsedwa, ndipo ndi aphungu 130 alibe chonamizira.